St Helena, chilumba chimene ankatayirako anthu

Mukatenga mapu a dziko lonse, n'kuika chala pa Blantyre, kenaka n'kuchikoka molunjika kumadzulo, mudutsa chigawo cha Tete, mudutsa kumwera kwa Zambia ndi kumwera kwa Angola, mpaka chala chigwera m'nyanja ya Atlantic. Musachichotse. Pitirirani pamadzi pomwepo makilomita pafupifupi 1,900, ndipo ngati mapu anu ndi abwino mupeza kadontho. Kadontho kameneko ndi St Helena. Chili pa mzere umodzi ndi Blantyre, koma kulibe dzuwa lowotcha la mu Okutobala, chifukwa madzi ozizira a Benguela ochokera kumwera amafika kumeneko, ndipo mphepo ya kumwera chakum'mawa siipuma.

Kukula kwake n'kochititsa manyazi: makilomita pafupifupi 16 m'litali, 8 m'lifupi. Kalembera wa 2021 anapeza anthu 4,439. Ndi dera la Britain, pansi pa bwanamkubwa mmodzi amene amayang'aniranso zilumba za Ascension ndi Tristan da Cunha, ngakhale kuti kuyambira 2021 eni chilumba ali ndi nduna zawozawo, ndipo nduna yaikulu yoyamba anali mayi Julie Thomas. Ambirife dzinali tinalimva kusekondale, m'chiganizo chimodzi chokha cha aphunzitsi a mbiri yakale, chakuti Napoleon atagonja ku Waterloo anam'pititsa ku St Helena, komwe anakafera. Ndipo mpaka lero Napoleon ndiye amene chilumbachi chimatsatsa kwa alendo. Koma ine nditachiyenda ndinaona kuti mfumu ya Afalansayo ndi mmodzi chabe pa mndandanda wautali wa anthu amene amphamvu anafuna kuwaika kutali ndi maso, ndipo ambiri pa mndandandawo anali a kuno ku Africa.

Ndege ya Airlink imanyamuka ku Johannesburg, n'kuima ku Walvis Bay kumwetsa mafuta, ulendo wonse maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mukasuzumira pawindo, chimene mumayamba kuona ndi thanthwe lofiirira, lotuluka m'madzi ngati khoma, lopanda mtengo ngakhale umodzi. Mumadzifunsa kuti ndalama zija mwaonongeranji. Koma galimoto ikachoka pabwalo la ndege n'kuyamba kukwera, pasanathe theka la ola mwalowa m'dziko lina: msipu wobiriwira, ng'ombe, nkhungu yokwawa m'mapiri. Chilumbachi n'chouma m'mphepete, chonyowa pakati. Misewu ndi yopapatiza, yokhotakhota, ndipo lamulo lake n'lakuti wotsika apatse njira wokwera. Dalaivala aliyense amakweza dzanja kwa mnzake akamadutsana, kaya amadziwana kaya ayi, ndipo inu mlendo mukapanda kukweza lanu, mawa lake tauni yonse yadziwa.

Likulu lake, Jamestown, linafinyidwa m'chigwa chopapatiza pakati pa mapiri awiri a miyala, moti kwenikweni ndi msewu umodzi wautali wotsikira kunyanja. M'mapirimo anayalamo maukonde a waya kuti miyala isagwere panyumba, ndipo si mantha opanda pake: mu 1890 miyala inagumuka n'kupha anthu asanu ndi anayi. Kumunsi kuli linga lakale limene amalitcha The Castle, momwe muli maofesi a boma, ndi tchalitchi cha St James chomangidwa mu 1774, chakale kuposa matchalitchi onse a Anglican a kumwera kwa equator.

Kuseri kwa nyumba yosungiramo zinthu zakale kumayambira Jacob's Ladder, masitepe 699 okwera phiri molunjika mpaka mamita 180 ndi kuposa. Poyamba sanali masitepe. Mu 1829 anamanga njanji yotsetsereka, ngolo zikukokedwa ndi chingwe chimene abulu ankapotokola pamwamba, ntchito yake yaikulu kukweza manyowa a m'makola a m'tauni kupita nawo kuminda. Chiswe chitadya matabwa ake, asilikali anaisandutsa masitepe mu 1871. Ndinawakwera m'mawa dzuwa lisanalowe m'chigwa. Sitepe iliyonse ndi yaitali kuposa ya m'nyumba, moti bondo limafika pafupi ndi mimba, ndipo palibe malo opumirapo, mumangoima pomwe mwatopera mutagwira zitsulo za m'mbali ndi manja awiri. Chapakati ndinatembenuka. Madenga a Jamestown anali pansi pa zidendene zanga, mabwato pagombe ngati timakoko ta mtedza, ndipo mimba inauza mutu kuti tisatembenukenso. Agogo ena aakazi anandipitirira ali ndi jumbo m'manja, n'kundipatsa moni osapuma n'komwe. Achinyamata a kumeneko ali ndi katsikidwe kawo: amagona chopingasa, mapewa pachitsulo china, mapazi pachitsulo china, n'kuserereka mpaka pansi. Mukafika pamwamba mukhoza kukagula satifiketi kunyumba ya zinthu zakale ija. Kuti mukaitenge, muyenera kutsika kaye.

Apwitikizi atachipeza chilumbachi mu 1502, motsogozedwa ndi João da Nova, panalibe munthu. Panali nkhalango, madzi abwino ndi mbalame zosaopa anthu. Amati anachibisa kwa mitundu ina kwa zaka zambiri, popeza kwa sitima yobwerera kuchokera ku India malowa anali chipulumutso. Anadzalapo mandimu ndi zipatso zina, anasiyapo mbuzi ndi nkhumba, ndipo amalinyero odwala ankawatsitsa pamenepo kuti sitima ya chaka chamawa idzawatenge ngati achira.

Munthu woyamba kukhazikikapo anali wolangidwa kale. Fernão Lopes anali msilikali wa Chipwitikizi ku India amene analowa Chisilamu n'kupita mbali ya adani. Atagwidwa, mkulu wa asilikali Afonso de Albuquerque analamula kuti am'dule mphuno, makutu, dzanja lamanja ndi chala chachikulu cha kumanzere. Pobwerera kwawo cha m'ma 1516, sitima itaima pa St Helena, Lopes anathawira m'nkhalango poopa kuti abale ake akamuone ali choncho. Anakhala pamenepo zaka pafupifupi 30, nthawi yambiri ali yekha, akulima ndi dzanja limodzi lotsala lija. Olemba a nthawiyo amati bwenzi lake linali tambala amene anam'vuula m'nyanja. Anapitako ku Ulaya kamodzi, mpaka kukaonana ndi Papa, koma anapempha kuti am'bwezere pachilumba pake, ndipo anafera pomwepo.

Angerezi anachitenga mu 1659 kudzera ku kampani ya East India Company, bwanamkubwa woyamba John Dutton. Adatchi anachilanda mu 1673, Angerezi n'kuchilandanso chaka chomwecho. Kampaniyo inabweretsa alimi ochokera ku England, akapolo ochokera ku Africa, Madagascar ndi Asia, ndipo kuyambira 1810 inabweretsanso antchito a ku China. Anthu a lero, amene amadzitcha Saints, ndi zidzukulu za onsewa, ndipo nkhope zawo zimanena zimenezo popanda wofotokoza. Akatswiri otchuka anadutsapo: Edmond Halley anadzawerenga nyenyezi za kumwera mu 1677, James Cook anaimapo, Charles Darwin anafika mu 1836. Zonsezi muzimva kwa aliyense wokuyendetsani.

Tsopano Napoleon. Anafika mu Okutobala 1815 pa sitima ya nkhondo ya Northumberland. Miyezi iwiri yoyamba anakhala m'kanyumba ka pamunda wa banja la Balcombe, pamalo otchedwa The Briars, kenaka mu Disembala anam'samutsira ku Longwood House, kumtunda. Amene anasankha malowa ankadziwa chimene akuchita. Longwood ili pachidikha chopanda chotchinga, ndipo tsiku limene ndinapitako kunali chiperoni chenicheni, chonga cha ku Thyolo mu Julayi, mvula yosaoneka koma yolowa mpaka m'mafupa. Makoma amanyowa, zovala zimachita nkhungu, ndipo anthu ake ankadandaula za makoswe. Angerezi anaika asilikali masauzande kulondera munthu mmodzi, ndipo anakakhazika asilikali enanso pa Ascension ndi Tristan da Cunha kuti Afalansa asapeze poimira pobwera kudzam'ba. Oyendetsa alendo amakuonetsani timabowo m'matabwa otsekera mawindo, tomwe amati ankasuzumirapo alonda iye osaoneka. Anamwalira pa 5 Meyi 1821 ali ndi zaka 51.

Manda ake ali m'chigwa chabata cha Sane Valley, ndipo mwala wake ulibe dzina. Afalansa ankafuna kulembapo "Napoleon" basi, monga amalembera mafumu. Bwanamkubwa Hudson Lowe anaumirira kuti awonjezere "Bonaparte". Sanagwirizane, mwala n'kukhala wosalembedwa. Mu 1840 mtembowo anaufukula kupita nawo ku Paris. Choncho chimene alendo amatsikira kukaona ndi manda opanda dzina, opandanso munthu, koma udzu wake ndi wotchetchedwa bwino, maluwa ali m'mbali, mbendera ya France ikuuluka. Dziko la France linagula malowa pamodzi ndi Longwood mu 1858, ndipo limawasamalira mpaka lero. Sindikunyoza, malowa ndi okongola, ndipo nyumba ya Longwood njoyenera kuiona. Ndingokumbutsa kuti munthu ameneyu, amene alendo amamumvera chisoni akaona bafa lake ndi kabedi kake, ndi yemwe anabwezeretsa ukapolo m'madera a France mu 1802.

Kumpoto kwa Jamestown, kuseri kwa phiri limodzi lokha, kuli chigwa china chotchedwa Rupert's Valley. N'chouma, chafumbi, ndipo m'menemo ndi momwe chilumbachi chinaikamo zinthu zosafuna kuonedwa: akasinja a mafuta, makina opangira magetsi, malo okonzera nsomba, doko la katundu. Mlendo wongotsatira kabuku ka zokopa alendo akhoza kubwerera kwawo osapondamo.

Mu 1840, chaka chomwe mafupa a Napoleon ananyamuka ndi ulemu wonse wa asilikali, Britain inakhazikitsa pa St Helena khoti loweruza sitima zogwidwa zikuchita malonda a akapolo. Sitima za nkhondo zinkalondera gombe la Africa, makamaka cha ku Angola ndi Congo, n'kumagwira zombo zopita ku Brazil ndi Cuba. Chombo chikagwidwa ankachikokera kuno. Pakati pa 1840 ndi 1872 anthu oposa 25,000 anatsitsidwa pachilumbachi, ambiri mwa iwo m'chigwa cha Rupert's. M'mabuku a boma ankawalemba kuti Aafirika omasulidwa. Koma ankatsika ali mafupa okhaokha, odwala kamwazi ndi nthomba, ena atachita khungu, n'kuikidwa m'mahema ndi m'zisakasa zomangidwa ndi matabwa a zombo zomwe zinawabweretsa, m'chigwa chopanda mthunzi, chamadzi ochepa. Pafupifupi 8,000 anafera pomwepo, n'kukwiriridwa mwachangu m'maenje osaya, nthawi zina angapo m'dzenje limodzi.

Opulumukawo kwawo sanabwerereko. Ambiri anawakwezanso zombo kupita ku Jamaica, Trinidad, British Guiana ndi ku Cape kukagwira ntchito m'minda ya azungu pa mapangano amene iwo sanawalembe. Mazana ochepa okha ndiwo anatsala n'kukwatirana ndi eni chilumba. Ufulu wa mtundu umenewo aliyense aupime yekha. Zaka zomwezo, kwathu kuno, Jumbe anali akukhazikika ku Nkhotakota, akuwolotsa anthu panyanja kupita nawo ku Kilwa. Njira zinali ziwiri, ina ya kum'mawa ina ya kumadzulo, koma msika unali umodzi.

Mandawo anaiwalika mpaka pamene ntchito ya bwalo la ndege inafuna msewu wokwezera katundu kuchokera kudoko. Mu 2008 akatswiri ofukula zakale anafukula kagawo kochepa ka manda n'kutulutsa mafupa a anthu 325. Ambiri anali ana ndi achinyamata. Ena anali ndi mikanda yawo, ena mano osemedwa monga mwa mwambo wa kwawo. Kafukufuku wa DNA pa ena mwa iwo anaonetsa kuti anachokera m'dera la pakati pa kumpoto kwa Angola ndi Gabon. Ndiye mafupa aja anawaika m'mabokosi n'kuwatsekera m'nyumba yakale yosungiramo katundu ku Jamestown, podikira kuti aikidwenso mwaulemu. Anadikira zaka 14. Panafunika anthu okakamira, mmodzi wa iwo Annina van Neel wa ku Namibia, amene anabwera kudzagwira ntchito yoona zachilengedwe pa bwalo la ndege n'kupezeka akumenyera anthu akufa. Mu Ogasiti 2022 anthu 325 aja anaikidwanso m'chigwa chomwecho, aliyense m'kabokosi kake, ndipo tibokosito anathandiza kupanga ndi ana a sukulu ya sekondale ya pachilumbapo.

Ndinapitako masana. Malowa ndi bwalo lafulati lozunguliridwa ndi miyala, phokoso la makina likumveka chapafupi, malole akudutsa. Munthu wa kwathu kumanda salowa chilowelowe, ndipo ndinaima kunja kwa miyalayo nthawi ndithu ndisanadziwe chochita ndi manja anga. Chimene chimavuta n'chakuti malire a manda sali pamiyalapo. Enawo, masauzande aja, ali pansi pa msewu, pansi pa mabwalo a nyumba, pansi pa malo oimika makontena. Kumunsi kwa chigwa kuli kagombe komwe mabanja amapita kukasambira ndi kuwotcha nyama Loweruka ndi Lamlungu, chifukwa malo osambira bwino pachilumbachi ndi ochepa. Sindiwaweruza, anthu ayenera kukhala ndi moyo penapake. Koma m'munda wa maluwa wa ku Jamestown muli chipilala cha amalinyero a sitima ya Waterwitch amene anafa pa ntchito yogwira zombo za akapolo, chinamangidwa kalekale. Ogwira anakumbukiridwa nthawi yomweyo, ogwidwa anadikira zaka zoposa 150. Ndipo ngati kuti mbiri ikuseka, chingwe cha intaneti cha pansi pa nyanja chimene kampani ya Google inayala, chotchedwa Equiano pokumbukira Olaudah Equiano, kapolo wa ku West Africa amene anadziwombola n'kulimbana ndi ukapolo, chinatulukira pagombe la Rupert's lomweli mu 2021.

Zimanenedwanso kuti chiswe chija chinadya njanji ya Jacob's Ladder, n'kugwetsa madenga ambiri a Jamestown, chinabwera m'matabwa a chombo china cha akapolo chimene anachiphwasula pagombe m'zaka za m'ma 1840.

Mndandanda sunathere apo. Mu 1890 Angerezi anabweretsa Dinuzulu, mwana wa Cetshwayo, mfumu ya Azulu, pamodzi ndi abambo ake aang'ono awiri, Ndabuko ndi Shingana, chifukwa chokana kuti dziko lawo lilandidwe. Anakhala mpaka 1897. Sanam'tsekere m'chitolokosi, ankayenda m'tauni atavala suti, anaphunzira kuimba piyano, ndipo mwana wake Solomon, amene anadzalowa ufumu, anabadwira pachilumba pomwepo. Nkhondo ya Bambatha ya 1906 itatha, Azulu ena 25 anatumizidwanso kuno, ndipo awa anawagwiritsa ntchito yakalavulagaga. Pakati pa 1900 ndi 1902 kunabwera akaidi a nkhondo a Mabunu pafupifupi 6,000, kuchuluka kuposa eni chilumba, m'misasa ya Deadwood Plain ndi Broad Bottom. Amene anafa ndi matenda ali ku Knollcombes, manda oyera m'mizere pamalo otsetsereka, aliwonse ndi nambala yake, maina ali pazipilala kumunsi. Khalid bin Barghash wa ku Zanzibar, amene ufumu wake Angerezi anauthetsa ndi mizinga pasanathe ola limodzi mu 1896, anasungidwa kuno kuyambira 1917 mpaka 1921. Omaliza anali atsogoleri atatu a ndale a ku Bahrain, 1957 mpaka 1961.

Nanga eni chilumba? Iwo anatsekeredwa ndi kusintha kwa njira za malonda. Mu 1855 sitima pafupifupi 1,100 zinaima pa Jamestown. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, ndiponso sitima za malasha zitachuluka, panalibenso chifukwa chodzera kuno, moti mu 1889 zinaima 288 zokha. Boma linayesa ulimi wa chomera cha ku New Zealand chotulutsa luzi lopangira zingwe, ndipo kwa zaka pafupifupi 60 anthu ambiri ankadya za m'mafakitale a luzilo, pa malipiro ochepa. Mu 1965 positi ofesi ya ku Britain, kasitomala wamkulu, inaganiza zoyamba kumangira matumba a makalata ndi zingwe za pulasitiki. Chaka chotsatira mafakitale anatsekedwa. Chomeracho chinatsala, ndipo lero chaphimba mapiri onse a pakati, chikuweyuka ndi mphepo. Alendo amachijambula poyesa kuti ndi chilengedwe cha pachilumbachi, pamene osamalira zachilengedwe akutuluka thukuta kuchizula.

Kenaka lamulo la unzika la 1981 linawalanda ufulu wokhala ndi kugwira ntchito ku Britain, anthu amene sanakhalepo nzika za dziko lina lililonse. Anamenyera zaka 20, ndipo unabwezedwa mu 2002, chilumba chikukwanitsa zaka 500 chipezekere. Zotsatira zake munthu wa ku Mzimba kapena Mangochi angazimvetse popanda womasulira: achinyamata anachoka. Ali ku Ascension, ku Falklands, ku England makamaka m'tauni ya Swindon, akutumiza ndalama zomangira nyumba ku Half Tree Hollow, dera la pamwamba pa Jamestown, ana akuleredwa ndi agogo. Gawo lalikulu la bajeti ya boma limachokerabe ku London.

Bwalo la ndege linamangidwa kuti lithetse zimenezi. Kufikira mu 2017 njira yokha inali sitima ya makalata, RMS St Helena, masiku asanu kuchokera ku Cape Town, ndipo wodwala mwakayakaya ankadikira sitimayo. Britain inaika mapaundi pafupifupi 285 miliyoni, kampani ya Basil Read ya ku South Africa inakwirira chigwa chathunthu ndi miyala kuti papezeke malo afulati. Mu Epulo 2016 ndege yaikulu yoyesera, Boeing 737, inavutika kutera chifukwa cha mphepo yosinthasintha mwadzidzidzi pakati pa mapiri a m'mbali mwa bwalo. Manyuzipepala a ku Britain anaseka mpaka misozi, n'kulitcha bwalo lopanda ntchito kuposa onse padziko. Yankho linali kugwiritsa ntchito ndege yocheperako, Embraer E190, ndipo ulendo woyamba wa anthu olipira unatera pa 14 Okutobala 2017. Sitima ija inatsanzika mu Febuluwale 2018. Alendo masauzande ambirimbiri amene ankayembekezeka sanabwere, koma wodwala tsopano amafika ku South Africa tsiku lomwelo, ndipo eni ake mukawafunsa amayambira pamenepo.

Zachilengedwe ndiye nkhani yokoma ndi yowawa pamodzi. Mbuzi za Apwitikizi zija, ndi nkhwangwa za amene anabwera pambuyo, zinamaliza nkhalango pafupifupi yonse. Chotsala chili pamsonga, pa Diana's Peak, mamita 818, komwe mitengo yakale ndi zomera zokwawa zimamwa madzi kuchokera mu nkhungu n'kumadonthezera pansi, ndipo madzi ambiri amene anthu amamwa amayambira pamenepo. Pachilumbachi pali mitundu ya zomera ndi tizilombo pafupifupi 500 yosapezeka kwina kulikonse. Ina inapita: mtengo wa St Helena olive unatheratu mu 2003. Ina inabwerera pakamwa pa imfa. Mtengo wa ebony wa kumeneko ankauwerengera kuti unatha kalekale, mpaka mu 1980 pamene George Benjamin anaona tizitsamba tiwiri paphompho pomwe mbuzi sizikanafika. Mbale wake Charlie anatsika ndi chingwe kukathyola nthambi, ndipo mitengo yonse ya mtunduwu imene ilipo lero inachokera pa tiwiri timeneto. Mu 2000 anthu anayamba kudzala nkhalango yatsopano ya Millennium Forest, ndipo mlendo akhoza kulipira pang'ono n'kudzala mtengo wake.

Pa Deadwood Plain, pomwe panali mahema a Mabunu, ndi pomwe mungaone wirebird, kambalame ka miyendo yoonda kamene kali pa mbendera yawo. Padziko lonse tilipo mazana ochepa, tonse pachilumba pomwepa. Kamaikira mazira pansi, ndipo mtundu wake ndi wa dothi lomwelo, choncho kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukayandikira chisa, kholo limathamangira kumbali likukoka phiko ngati lathyoka, kuti mulitsatire.

Ndiye pali Jonathan, kamba wamkulu wa ku Seychelles amene amakhala pakapinga pa Plantation House, nyumba ya bwanamkubwa. Anabwera mu 1882 ali wamkulu kale, ndipo amamuwerengera kuti anaswedwa cha m'ma 1832, zomwe zinam'lowetsa m'mabuku monga nyama yapamtunda yakale kuposa zonse zodziwika. Ngati chakacho n'cholondola, zombo za akapolo zinkatsitsa anthu ku Rupert's iye ali mwana. Maso anachita ng'ala, fungo samvanso, ndipo amadyetsedwa pamanja kabichi, nkhaka ndi zipatso. Chithunzi chake chili pa kobiri la mapeni asanu. Mumamuonera kuseri kwa mpanda, ndipo kunena zoona sachita chilichonse, koma anthu amaima pamenepo nthawi yaitali.

Kunyanja ndiye kumene chilumbachi chilibe mnzake. Kuyambira Disembala mpaka Malichi kumabwera whale shark, nsomba yaikulu kuposa zonse, yofatsa, yodya tizilombo tating'ono ta m'madzi. Chodabwitsa akatswiri n'chakuti kuno zazimuna ndi zazikazi zikuluzikulu zimapezeka pafupifupi mofanana, zomwe sizichitika kawirikawiri kwina. Amakulolani kusambira pambali pake, osaikhudza, ndi eni mabwato ovomerezeka okha. Kuyambira Juni anamgumi amabwera kudzaswana, ndipo ma dolphin alipo chaka chonse m'magulu a mazana. Pagombe la Jamestown penipeni pali sitima yomira ya Papanui, imene inapsa mu 1911, chitsulo chake china chikuonekera pamwamba pa madzi. Chapatali pang'ono pali Darkdale, imene sitima ya pansi pa madzi ya Germany inaiphulitsa mu 1941 n'kupha anthu 41. Koma wofuna mchenga woyera ndi maambulera asabwere kuno. Sandy Bay ili ndi mchenga wakuda ndi mafunde okoka munthu. Chimene chilipo ndi njira za m'mapiri zotchedwa Post Box Walks, 21 zonse pamodzi, iliyonse yothera pa kabokosi momwe muli chidindo ndi kabuku kosainamo. Ina ndi yoyenda ndi ana, ina, monga yopita ku maiwe a Lot's Wife's Ponds, imafuna chingwe ndi munthu wodziwa njira.

Chakudya sichidzakusowetsani mtendere. Nsomba ya tuna ndi yotchipa kuposa nyama, ndipo amaisinja ndi mbatata yachizungu, tsabola ndi masamba onunkhira n'kukazinga timikate tomwe nyumba iliyonse imati take ndiye tenitenito. Pali plo, mpunga wophikira pamodzi ndi nyama kapena nsomba mumphika umodzi, wothira zonunkhiritsa za curry, chakudya cha pamaulendo ndi pamisonkhano ya banja. Pali kachasu wawo wovomerezeka, tungi, wotcheza kuchokera ku zipatso za kakitasi. Khofi wake anachokera ku Mocha, ku Yemen, mu 1733, ndipo chifukwa cha kutalikirana ndi minda ina mbewuyo sinasakanikirane ndi ina. Amakolola wochepa kwambiri, ndipo mtengo wake ku London ndi wa anthu amisala. Pachilumba pomwepo kapu imodzi mukhoza kuikwanitsa. Zipatso ndi ndiwo zamasamba m'masitolo zimadalira sitima ya katundu, moti ikachedwa mashelefu ena amakhala mbee, ndipo anyezi akafika uthenga umayenda msanga kuposa wa maliro.

Ulendowu si wotchipa, ndisakunamizeni. Tikiti yochokera ku Johannesburg imaposa ya maulendo ambiri opita ku Ulaya, ndalama yawo ndi paundi yofanana mphamvu ndi ya Britain, ndipo pofika amafuna umboni wa inshuwalansi ya chipatala yokwanira kukunyamulani pa ndege mutadwala. Tengani ndalama zina m'thumba, chifukwa si paliponse pamene khadi la banki yakunja limagwira. Ndege yokhazikika imabwera Loweruka, ndipo m'miyezi ya alendo ambiri amawonjezera ina pakati pa sabata. Nkhungu kapena mphepo ikavuta, ndegeyo siitera, ndipo palibe basi, palibe bwato, palibe njira ya chidule. Sungani ndalama ya malo ogona ya masiku owonjezera, ndipo abwana kuntchito muwauziretu musananyamuke.